Chikasucho Chisiyeni

Sabata yatha mnzanga wina wa kuno ku Leicester ananditumizira zithunzi ziwiri pa WhatsApp. Choyamba chinali cha BBC Micro yake mmene anaigulira, yachikasu ngati ufa wa chimanga cha chithandizo. Chachiwiri chinali cha kompyuta yomweyo patapita masiku awiri, itayera mbee. Pansi pake analemba kuti waibwezeretsa mwakale. Ndinamufunsa funso limodzi lokha: “Achimwene, nanga mkatimo mwatsegulamo?” Anati ayi, nthawi inachepa, poti dzuwa la kuno silidikira munthu. Chitumizireni zithunzizo mtima wanga sunakhazikike, ndiye lero ndilankhule basi, okwiya akwiye.

Kwa amene nkhanizi n’zachilendo, ndiyambe apa. Makompyuta ambiri a m’ma 1980 ndi m’ma 1990 zigoba zake zinapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa ABS. Zilembo zitatuzo zikuimira zinthu zitatu zosakanizidwa: acrylonitrile, butadiene ndi styrene. Chapakaticho, butadiene, n’chamtundu wa labala, ndipo n’chimene chimachititsa kuti chigoba chikagwa pansi chisaphwanyike ngati mbale yadothi. Tsoka lake n’lakuti n’chomwechonso chimene mpweya wa okosijeni umadya mosavuta, makamaka pakakhala kutentha ndi kuwala kwa UV kochokera kudzuwa. Chikadyeka pamatsala timankhwala timene timameza kuwala kwa buluu, ndiye maso athu amaona chikasu. Sikuti ndi litsiro ayi. Mutha kukwecha mpaka mikono kuwawa, chikasucho chili m’thupi la pulasitikiyo.

Mu 2008 anthu a kumalo ena osungirako makompyuta akale ku Wuppertal, m’dziko la Germany, anaona kuti akaviika zigobazi m’mankhwala a hydrogen peroxide kwa masiku angapo chikasu chimachepa. Okonda makompyuta akale anaitola nkhaniyo, nawonjezera zina kuti mankhwalawo akhale ngati phala lopaka, naitcha njirayo Retr0bright. Masiku ano ambiri amangogula kirimu wa m’saluni woyeretsera tsitsi, uja wolembedwa 40 vol, yemwe ali ndi peroxide wokwana 12 peresenti. Amapaka, kukulunga ndi pepala lapulasitiki lokutira zakudya, n’kuyanika padzuwa ngati makaka. Pa YouTube mavidiyo ake ndi mbwee, ndipo onse amathera pamodzi: uku chachikasu, uku choyera, anthu m’manja phuphuphu.

Ine sindikulankhula ngati munthu wosalakwa. Ndinachitapo, ndipo ndi chifukwa chake ndili ndi ukali.

Amiga 500 yanga ndinaipeza Lamlungu lina m’mawa pamsika uja anthu amagulitsira katundu wakale m’mabuti a galimoto. Commodore inatulutsa makinawa mu 1987, ndipo yangayi inkaonetsa zaka zake. Mbali ya kumanzere inali yachikasu kwambiri kuposa ya kumanja, kusonyeza kumene kunali windo la mwiniwake woyamba. Pamwamba panali kamalo koyera kamakona anayi, pomwe panakhala kabokosi kena zaka zambiri. Batani lalitali lija la m’munsi linali lopsereratu kuposa anzake. Ndinaiona ngati yodwala. Ndinapita kusitolo yogulitsa za tsitsi, ndinagula botolo la kirimu, ndipo mayi wogulitsayo anayang’ana dazi langa n’kuseka. Loweruka lotsatira ndinamasula chigoba, ndinapaka, ndinakulunga, ndinayanika kuseri kwa nyumba. Mayi akunyumba anatuluka ndi dengu la zochapa, anaima, anati: “Bambo, mwayamba kudzoletsa kompyuta mafuta oyeretsa khungu?” Ndinaseka. Lero sindiseka.

Madzulo nditatsuka ndinapeza mikwingwirima. Pamene pepala lija linakwinyika, kirimu anauma mosiyana, ndipo chigoba chinatuluka chamawangamawanga ngati munthu wa zikanga. Ndinabwereza kachiwiri kuti ndifananitse. Chinayera, inde, koma kuyera kwake kwa choko, kosakhala kwa Amiga, imene mtundu wake weniweni mumauona mukatembenuza chigoba n’kuyang’ana mkati momwe dzuwa silinafike. Ndinajambula chithunzi potengera mbali imene mawanga sankaoneka, anzanga anayamikira, ndinaiika m’kabati. Zaka ziwiri zisanathe chikasu chinabwerera, m’kabati momwemo, mumdima. Koma kamalo kamakona anayi kaja sikanabwerere. Mbali ya windo ija sinabwerere. Chinabwera n’chikasu chatsopano chopanda nkhani, pamwamba pa mawanga anga.

Ndiye funso langa loyamba kwa inu oyeretsa ndi ili: mwabwezeretsa chiyani? Peroxide samanganso pulasitiki amene anadyeka. Iye mwini ndi mankhwala owonjezera okosijeni. Chimene amachita n’kufufuta mtundu wa timankhwala tija pakhungu lapamwamba penipeni, pomwe pansi pake zonse zili mmene zinalili. Poyamba anthu ankati wolakwa ndi bromine, mankhwala oletsa moto amene ankathiridwa m’zigoba zina, ndipo ankalankhula ngati kirimu akuchiza nthendayo. Komatu ABS wopanda bromine amasandukanso wachikasu. Munthu amene wadetsa imvi sanabwerere kuunyamata, ndipo iye mwini amadziwa. Kusiyana kwake n’kwakuti tsitsi limamera lina. Chigoba cha mu 1987 n’chimodzi chomwecho, Commodore inagwa mu 1994, ndipo mukachiwononga palibe kokadandaula.

Akatswiri osamalira zinthu zakale ali ndi mfundo imene ndimailemekeza: pa chinthu chakale, pewa kuchita chimene wobwera pambuyo pako sangathe kuchibweza. Fumbi mukalisiya, mawa wina adzapukuta. Mng’alu mukausiya, wina wodziwa kuposa inu adzaumata. Koma mukafufuta, mwafufuta. Zilembo za pamabatani zikazilala, zazilala. Kachitsulo kamene munaiwala kuchotsa kakachita dzimbiri, katero basi. Ndaonapo Commodore 64 yoyambirira ija ya mu 1982, imene inatuluka kufakitale ili yotuwira cha kubulauni, munthu ataiyeretsa mpaka kufika pa mtundu umene sinakhalepo nawo chibadwire. Ameneyo ati wabwezeretsa. Wabwezeretsa kuti, poti kumeneko sinachokereko?

Chachiwiri ndi chimene chimandipweteka kwambiri. Nthawi yonse imene ndinkalimbana ndi kunja, pansi pa Amiga yanga panali kachitseko kamene sindinatsegule. Mkati mwake munali A501, kabolodi kowonjezera memory ndi 512 KB, kokhala ndi wotchi komanso kabatire kake kowotchereredwa pomwepo. Batire la zaka zoposa 30 limatuluka madzi, ndipo madziwo amadya timisewu takopa ta pabolodi. Tsiku limene ndinatsegula ndinapeza zobiriwira zitayanga ngati ndere. Ndikanatsegula tsiku loyamba lija, m’malo mothamangira kusitolo ya tsitsi, ntchito yake inali ya mphindi zochepa: kudula batire, kupukuta ndi viniga pang’ono, kutsuka, kuumitsa. Kabolodiko sindinakapulumutse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo ine mkuyuwo ndinachita kuupaka ndekha.

BBC Micro ya mnzanga ija ili ndi vuto lakelake lodziwika bwino. Makinawa, amene Acorn inatulutsa mu 1981 ndipo anadzaza m’masukulu a kuno, ali ndi timakapasita m’bokosi la magetsi timene timang’aluka tikakalamba. Tsiku lina mukangoyatsa mumamva phu, utsi wonunkha n’kudzaza chipinda. Tatsopano mtengo wake ndi wochepa. Aliyense wosunga makinawa amauzidwa zimenezi. Koma kapasita watsopano saoneka pachithunzi, ndipo palibe amene amakuimbira m’manja chifukwa chodula batire. Tasanduka anthu osamalira chimene kamera ikuona. Ine ndimati kumeneko si kukonda makompyuta akale, ndi kukonda zithunzi zake.

Chachitatu ndi malonda. Pamisika ya pa intaneti yoyera imakopa maso kuposa yachikasu, ndipo ogulitsa amadziwa. Chigoba choyera chimauza wogula kuti makinawa anasungidwa bwino, m’bokosi, kutali ndi dzuwa ndi kutentha. Ngati kuyerako n’kwa kirimu wa Loweruka lapitali ndipo wogulitsa sananene, limenelo ndi bodza, ngakhale asanatsegule pakamwa. N’chimodzimodzi kubweza mita ya galimoto. Wogula adzadziwa pakapita chaka kapena ziwiri, wogulitsa atasowa kalekale. Alipo oona mtima amene amalemba poyera kuti anayeretsa, ndipo amenewo ndilibe nawo mlandu wa bodza. Koma makina amadutsa m’manja ambiri, ndipo wachitatu kugula sauzidwanso kanthu.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Muti, “Ndi yanga, ndinagula ndi ndalama zanga.” Zoona, ndipo sindikuitanirani apolisi. Koma inu si woyamba kukhala nayo, ndipo ngati mukuisamala bwino simudzakhala womaliza. Mutinso, “Zinapangidwa mamiliyoni, imodzi ikawonongeka palibe kanthu.” Zinapangidwa zambiri, inde, koma sizikupangidwanso, ndipo zimene sizinakhudzidwe ndi kirimu zikuchepa chilimwe chilichonse.

Yankho limene ndimalimvera chisoni ndi la bambo wina wachingerezi amene tinacheza pachionetsero cha makompyuta akale. Anati amafuna kuona Amiga yake mmene inalili m’mawa wa Khirisimasi ya 1989, atang’amba pepala n’kupeza bokosi lija lokhala ndi gemu ya Batman. Bambo ake amene anamugulira anamwalira. Sindinamutsutse pamaso, nanga munthu ungatsutse bwanji zoterozo? Koma pobwerera m’basi ndinaganiza za ine mwini. Kompyuta yoyamba imene ndinaigwira inali pakasukulu kena kophunzitsa kutayipa ku Blantyre. Inabwera kuchokera kunja itagwira kale ntchito zaka zambiri muofesi ya anthu ena, ndipo inafika ili yachikasu. Zonse m’chipindamo zinali choncho. Ine ndinkayesa kuti makompyuta amapangidwa achikasu, ngati mmene nthochi imakhalira. Kwa ife amene tinalandira makina ena atatopa nawo, chikasu ndiye mtundu wa tsiku loyamba. Nanga n’chifukwa chiyani tsiku limene makina anatuluka m’bokosi likhale lokhalo loona, zaka makumi atatu zotsatirazo n’kukhala litsiro lofunika kuchotsa? Amene anaigwiritsa ntchito kachiwiri ndi kachitatu, kodi sanali anthu?

Mawu a mayi akunyumba aja amandibwererabe. Sindikufuna kukokera nkhani ya pulasitiki kumene siyenera kufika, poti khungu la munthu ndi nkhani yolemera kuposa chigoba. Koma botolo lija ndinalitenga pashelefu yoyandikana ndi ya mafuta enawo, ndipo maganizo amene anandipititsa kumeneko ndimawadziwa kuyambira ndili mwana: akuti chinthu chikayera ndiye kuti chakhala bwino, ngakhale mankhwalawo akuchidya.

Tsono ndikuti tizitani? Sindikunena kuti muisiye ndi litsiro. Masulani chigoba, chitsukeni ndi madzi ofunda, sopo wa mbale ndi mswachi wakale. Mudzadabwa kuchuluka kwa zimene zimachoka: fumbi, thukuta la m’manja, utsi wa fodya. Chotsala pamenepo ndi msinkhu wake, chisiyeni. Kenako tsegulani mkati. Chotsani batire lakale lero lomwe, onani makapasita, yezani bokosi la magetsi musanalumikize. Isungeni kutali ndi windo ndi chotenthetsera nyumba, muifunditse kansalu. Ndipo ngati mtima ukufunitsitsa choyera, njira ilipo yosawononga kanthu. Mu 2015 anthu anasonkherana ndalama pa Kickstarter n’kupanga zigoba zatsopano za Commodore 64C pogwiritsa ntchito zikombole zoyambirira zimene zinapezeka, ndipo zigoba zatsopano za Amiga zikupangidwanso. Gulani chimenecho, muvekeni makina anu, chakalecho muchikulunge bwino n’kuchisunga. Tsiku limene mudzasinthe maganizo, kapena mwana wanu akadzafuna kuona chenicheni, chidzakhalapo.

Amiga yanga ikugwirabe ntchito, ndi kabolodi kena ka memory kopanda batire lotuluka madzi. Ili pathebulo ndi mawanga ake, ndipo sindidzaipakanso. Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina kuti, “Adadi, bwanji ili ndi zipsera?” Ndinamuuza kuti ndinazipanga ndine. Mnzanga uja ndamutumizira timakapasita titatu mu envulopu, ndi kakalata kakuti asayatse makinawo asanatiike. Mpaka pano sanayankhe. Achimwene, ngati mukuwerenga pano, sikuludiraiva ndili nayo, ndipo Loweruka ndilibe kopita.