Pa Mlatho wa Diamphwe



Aliyense amene anakwerapo basi kuchokera ku Dedza kupita ku Lilongwe amaudziwa mlatho wa Diamphwe, pamene pali malire a maboma awiriwa. Mukangowoloka mwalowa dera la Nathenje, ndipo posakhalitsa mwafika mumzinda wa nyumba zikuluzikulu. Nyumba ya Malamulo inatsegulidwa mu 2010, holo ya misonkhano ya Bingu mu 2012, ndipo bwalo lalikulu la mpira la Bingu mu 2017. Zonsezi anamanga ndi anthu a ku China. Ana athu a ku madrasa akapita kukacheza kwa achibale mumzindamo, pobwera sasimba china koma zimenezi. Ife sitiwaletsa, pakuti nzokongoladi. Timangowafunsa kuti: kodi nyumba zonsezo madzi ake amachokera kuti? Apa ana amangoti kukamwa yasa.

Madzi a mzindawu amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, ku madamu awiri a Kamuzu a ku Malingunde. Loyamba linamangidwa mu 1966, Lilongwe asanakhale likulu la dziko mu 1975, ndipo lachiwiri mu 1989. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu mumzindamo atsala pang'ono kukwana miliyoni imodzi. Mtsinje ndi womwe uja, akumwa ndiwo achuluka.

Kaamba ka ichi, boma ndi bungwe la Lilongwe Water Board anayang'ana ku Diamphwe, kuti atseke mtsinjewo ndi damu lalikulu lopereka madzi akumwa ndi a ulimi wothirira. Akatswiri anayenda m'midzi, nayeza malo ndi kuwerenga nyumba, minda ndi manda. Zaka zinapita, ndipo pofika 2020 damulo linali lisanamangidwe.

Tsono taganizirani bambo amene wauzidwa kuti tsiku lina pamudzi pake padzakhala madzi okhaokha. Kodi aotche njerwa kapena aleke? Adzale mango amene adzayambe kubala patapita zaka? Nanga mayi amene dimba lake la tomato ndi mpiru ndilo limalipirira ana sukulu? Nkhani ya manda ndiyo yolemera koposa. Kwa anzathu Achewa a kumeneko manda ndi malo a mwambo, ndipo ifenso tikudziwa m'mene mtima ungawawire munthu atakuuza kuti akukafukula mayi ako. Kudikira kotereku sikulembedwa pa pepala la chipukuta misozi.

Mwina wina anena kuti zimenezo nza ku Lilongwe. Ayi ndithu. Diamphwe amathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amadzathira m'nyanja yathu ku Salima. Komanso mzinda womwewo unayang'ananso kunyanja kuno: ntchito yopopa madzi kuchokera ku Salima kukafika ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 100, inaperekedwa kwa kampani ya Khato Civils. Mu 2017 nkhaniyi inafika mpaka kukhoti, pa funso lakuti kodi anayamba aunika m'mene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe. Sitikutsutsa madzi kupita kwa anthu a ludzu. Ku Area 25 ndi kwa Chinsapo kulinso ana athu. Koma paipi ili ndi njira yake, ndipo njirayo imadutsa m'minda ya anthu.

Choncho oyeza malo akafika kwanu, musawasiyire amfumu okha. Pitani ku msonkhano, amayi ndi abambo omwe. Onetsetsani kuti dimba la mayi lalembedwa m'dzina la mayiyo, osati la mlamu wake. Mitengo ya zipatso iwerengedwe umodziumodzi. Akuluakulu a pa mzikiti ayende nawo kumanda ndi kuloza ngakhale manda akale amene alibe chizindikiro. Funsani tsiku limene ntchito idzayambe, ndiponso ngati mungapitirize kumanga ndi kulima pamene mukudikira. Yankho lake alembe pa pepala, adinde, ndipo pepala lina litsale m'manja mwanu.