AKULU A MPINGO, MUMAFIKA MOCEDWA!

Pali nyimbo imene akuluakulu amaimba popanda kuphunzitsana: "Ana a masiku ano ndi osamva." Amaiimba pamaliro, m'minibasi, ngakhalenso pa msonkhano wa akulu a mpingo. Ife acinyamata taimva mpaka kutopa nayo. Lero tifuna kubweza funso: osamvawo anakana mau a yani? Ndani anakhala nao pansi ndi kuwalangiza?

Taonani m'mene zinthu zimayendera. Mtsikana aimba kwaya zaka zisanu, ndipo palibe mai ndi mmodzi yemwe amene amfunsa za moyo wace. Tsiku limene mimba yaonekera, akulu onse adziwa dzina lace ndi nyumba imene akhala. Mnyamata nayenso aonana ndi alangizi sabata la ukwati, usiku umodzi cabe, kuti amve zimene anayenera kumva ali ndi zaka 14. Tinena kuti m'mera mpoyamba, koma tifuna kuongola mtengo utauma kale.

Kumudzi kale mwana sanali wa munthu mmodzi. Mnyamata anali kukhala pabwalo ndi amuna osema mipini ndi oluka mphasa, akumamva milandu ndi maweruzo ace. Mtsikana anali ndi anamkungwi, ndipo malume anali ndi udindo pa ana a mlongo wace. Sikuti zonse zinali zabwino ai. Malangizo ena a m'cinamwali anali kukankhira atsikana ku ukwati akali ana, ndipo mpingo unacita bwino kuwakana. Koma tinagwetsa nyumba yakale osamanga yatsopano.

Kenaka anthu anasamukira m'tauni. Ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Kapata, tate acoka mbandakuca, mai ali ku msika mpaka mdima. Edzi nayo inadula unyolo. A Kenneth Kaunda anauza dziko mu 1987 kuti mwana wao anafa ndi matendawa, ndipo zaka zotsatira zinatenga amalume ndi azakhali osawerengeka. Ambiri amene ndi makolo lero anakula opanda wowalangiza.

Boma lacitako mbali yace. Kuyambira 1997 mtsikana amene wabala aloledwa kubwerera ku sukulu. Tujilijili tunaletsedwa mu 2012. Mu 2022 maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12, ndipo mu 2023 lamulo linaletsa ukwati uliwonse wa mwana wosafika zaka 18. Komabe kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwanira 29 anali atabala kale kapena anali ndi pakati. Lamulo ndi labwino, koma silikhala pamphasa ndi mwana. Silimufunsa cifukwa cimene wabwerera usiku.

Musaganize kuti mwana wosalangizidwa ndi inu alibe mlangizi. Ali naye! Mlangizi wace ndi TikTok, ndi mnzace wa pakona amene amsonyeza kubecha mpira, ndi mwamuna wa galimoto amene amgulira foni. Awa satopa, sacita manyazi, ndipo sadikira Sondo.

Kodi Baibulo litiphunzitsa ciani? Yoswa anatumikira Mose zaka zambiri m'cipululu asanaolotse Aisrayeli pa Yordano. Elisa anasiya ng'ombe zace natsata Eliya. Paulo anatenga Timoteo ku Lustra nayenda naye (Macitidwe 16:1-3), ndipo analamula Tito kuti akazi okalamba alangize akazi aang'ono (Tito 2:3-5). Onsewa sanalangize ali pa guwa pokha. Anayenda pamodzi, nadya pamodzi. Nanga ife bwanji tisiya gulu la acinyamata m'manja mwa acinyamata okhaokha? Mtsogoleri wa zaka 23 angathe kukonza kwaya ndi mpira, koma sanaikepo mwana m'manda, sanacotsedwepo nchito, sanapirirepo m'banja zaka makumi awiri. Pali zinthu zimene sangaphunzitse.

Ena ati, "Ife sitinaphunzire, ana awa atiseka." Atate, mwana safuna digiri yanu. Afuna kudziwa m'mene munasiyira mowa, m'mene munalipirira ngongole, m'mene mumakhululukirana ndi amai kunyumba. Ena ati, "Tilibe nthawi." Koma nthawi ya mlandu wa mimba imapezeka, nthawi ya maliro imapezekanso. Ola limodzi pa sabata ndilo lisowa?

Ndipo inu acinyamata anzanga, musaombe m'manja msanga. Rehabiamu anakana uphungu wa akulu natsata wa anyamata amene anakula naye, ndipo mafuko khumi anamcokera (1 Mafumu 12). Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kunyada sikunapulumutsepo munthu.

Nazi zimene tipempha:

1. Mpingo uliwonse ulembe maina a acinyamata ace, ndipo aliyense akhale ndi wamkulu mmodzi womuyang'anira, mwamuna kwa mnyamata, mkazi kwa mtsikana.
2. Zonse zicitike poyera, makolo ndi abusa akudziwa. Pali afisi obvala zikopa za nkhosa, ndipo wamkulu wofuna kukumana ndi mwana mobisa si mlangizi ai. Kamuneneni.
3. Kalipentala, telala, namwino ndi mlimi atenge wacinyamata ku nchito yao. Mau ambiri abwino amaturuka manja ali pa nchito.
4. Alangizi ayambe ndi ana a Giredi 6 ndi 7, asadikire ukwati.

Izi sizifuna ndalama za kunja, kapena semina ya ku hotela. Zifuna munthu wamkulu wogogoda pa citseko. Kambiranani nkhaniyi m'gulu lanu sabata lino, ndipo muitane akulu awiri adzamve okha. Mkulu wa mpingo, chulani maina a acinyamata asanu a m'dera lanu amene si ana anu. Ngati mwalephera, musayambe mwaimbanso nyimbo ija.