Loko wa pa gemu akutsekera panja mwini nyumba

Anzanga, makamaka inu amene Loweruka likakwana mumapezeka m'tinyumba ta PlayStation ku Liwonde, pa Ulongwe ndi pa Balaka, pali chinthu chomwe chimatikwiyitsa tonse koma ambiri sitidziwa dzina lake. Mwayatsa gemu. Simukufuna kulimbana ndi munthu wa ku Brazil ayi, mukungofuna kumenya mpira ndi mnzanu amene mwakhala naye benchi limodzi. Koma gemuyo ikukana kutseguka, akuti ilumikizane kaye ndi intaneti. Netiweki ikavuta kapena bandulo ikatha, basitu, nyamukani muzipita.

Dzina la chinthuchi ndi DRM. Ndi loko amene kampani imaika m'kati mwa gemu pofuna kuthana ndi okopera mwakuba. Gemu imayamba yafunsa kompyuta yaikulu ya kampaniyo, imene amati seva, kuti: kodi uyu anagula? Magemu ena amafunsa kamodzi kokha poikidwa, ena pakapita masiku angapo, ena amafunsa mphindi iliyonse ngati mlonda wosakhulupirira abwana ake omwe.

Maganizo anga ndi akuti loko ameneyu amalanga munthu wolakwika. Amene watulutsa ndalama ndiye amatsekeredwa panja, wakuba ali phee m'nyumba.

Si zongoganiza izi. Mu 2008 kampani ya Electronic Arts idatulutsa gemu yotchedwa Spore, ndipo wogula ankaloledwa kuiika pa kompyuta katatu kokha. Anthu atakwiya adakweza kufika kasanu. Kodi kuba kudatha? Spore yomweyo idatchuka kuti ndiyo idakoperedwa mwakuba kuposa magemu onse chaka chimenecho. Mu 2010 Ubisoft idafika nazo patali: Assassin's Creed II ya pa kompyuta inkafuna intaneti nthawi yonse, chonsecho ndi gemu yosewera munthu mmodzi. M'mwezi wa Marichi chaka chomwecho maseva a kampaniyo adasokonezedwa, ndipo anthu amene adagula mwachilungamo adakhala manja ali m'khosi. Posakhalitsa akatswiri othyola maloko adauthyola, ndipo kope lakuba linkayenda bwinobwino popanda intaneti. Tamvani zimenezo! Katundu wakuba kukhala wabwino kuposa wogula.

SimCity ya mu 2013 nayo idagwa chagada sabata yoyamba chifukwa maseva adadzaza, mpaka mu 2014 eni ake adalola kuti anthu azisewera osalumikiza. Chaka chomwecho cha 2013 Microsoft idalengeza kuti Xbox One izifuna kulumikizidwa kamodzi pa maola 24 alionse. Phokoso lidakula, ndipo pofika Juni adabweza mawu makinawo asanafike n'komwe m'masitolo.

Dziwani kuti amene ankalira pamenepo ndi anthu a ku London ndi New York, kumene intaneti ili ngati madzi a pampopi. Nanga ife? Madzi opangira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadutsa pa Kamuzu Barrage pa Liwonde pompa, tikuwaona ndi maso, koma m'midzi yathu yambiri waya wa magetsi sanafike. Kumene adafika, amathimathima. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tidakhala mumdima wosinthanasinthana kupitirira chaka. Mwini kanyumba ka magemu akhoza kugula sola ndi batire, magetsi n'kutheka. Koma netiweki sangaigule n'kuisunga m'batire. Ndipo gemu ikati ikufuna kudzikonza yokha ndi magigabaiti khumi musanasewere, bandulo imeneyo agula ndani?

N'chifukwa chake ine sindidabwa kuti PES yakale idakali moyo kuno, osewera ake ena adapuma kale mpira. Konami itasintha PES kukhala eFootball mu 2021, idati ndi yaulere, inde, koma ya pa foni simungaitsegule popanda intaneti. Ulere wofuna bandulo tsiku ndi tsiku ndi ulere wanji?

Tikafika pa mtengo ndiye mutu umauma. Gemu yatsopano ya makampani akuluakulu masiku ano imagulidwa pa madola 70. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi idafika cha m'ma K1,700 ku banki, kutanthauza kuti gemu imodzi ndi ndalama yoposa K100,000. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adali K90,000 pa mwezi. Ndipo ngakhale ndalamayo muli nayo m'thumba, sitolo zawo za pa intaneti zimafuna khadi ya ku banki yolipira ndi madola. Ndani pano ali nayo? Aphunzitsi athu omwe, kaya.

Pano ndikudziwa kuti wina wa Fomu 4 akumwetulira, akuti mlembiyu akutiuza kuti kuba kulibe vuto. Ayi ndithu, achimwene. Munthu wa dera lino sangayankhule choncho, pakuti Balaka ndi kwawo kwa nyimbo. Alleluya Band, Paul Banda ndi situdiyo yake ya Imbirani Yahweh, malemu Lucius Banda amene adatisiya mu Juni 2024, onsewa adakweza dzina la Balaka ndi makaseti ogulitsa. Lero pa msika uliwonse pali mnyamata wa kompyuta amene amadzaza memole khadi ndi nyimbo mazanamazana pa mtengo wa mbale ya chipisi. Woyimba adalipira situdiyo, adalipira oyimba zida, adagona ndi njala, ndiye phindu adye wina? Wopanga gemu nayenso ndi munthu wa ntchito; gemu imodzi ikuluikulu imatenga anthu mazana ndi zaka zingapo. Kukana kuti kukopera mwakuba kumapweteka ndi bodza. Komanso makope othyoledwawa nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo fulashi imodzi yokha ikhoza kudwalitsa makompyuta onse m'chipinda.

Koma taonani mmene nkhondo yomweyi idamenyedwera kuno kwathu. Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, linkamata kachizindikiro konyezimira pa makaseti ndi ma CD enieni, ndipo Lamulo la Copyright la mu 2016 lidakhwimitsa zilango kwa ogulitsa katundu wokopera. Kuba sikudathe, ndikuvomereza. Koma kachizindikiroko kankalozera kwa wogulitsa wachinyengo, sikankavutitsa wogula. Kaseti mukagula idali yanu. Munkaibwereketsa kwa azakhali anu ku Ntaja, inkalira pa chinkhoswe ku Nsanama, inkalira mu minibasi ya ku Mangochi, osapempha chilolezo kwa munthu. Tepi ikaduka munkailumikiza ndi kyuteksi, n'kuizunguza ndi bolopeni, nyimbo n'kupitirira.

Gemu ya loko si yanu choncho. Mwangobwereka, ndipo mwini wake akhoza kulanda tsiku lililonse. Pa 31 Marichi 2024 Ubisoft idazimitsa maseva a The Crew, gemu ya mipikisano ya magalimoto yomwe idatuluka mu 2014. Kuyambira tsiku limenelo aliyense amene adaigula, ngakhale wokhala ndi chimbale chake m'manja, adangotsala ndi chimbale chosagwira ntchito. Mkwiyo wake ndiwo udabala gulu la Stop Killing Games, loyambitsidwa ndi Ross Scott, ndipo mu 2025 anthu oposa 1 miliyoni a m'maiko a European Union adasaina kalata yopempha kuti pakhale lamulo loletsa mchitidwewu.

Njira ina ilipo, ndipo si maloto. Kampani ya ku Poland ya CD Projekt idayambitsa sitolo yotchedwa GOG yogulitsa magemu opanda loko. The Witcher 3 idatuluka kumeneko mu 2015 ilibe DRM, koma yagulitsidwa makope oposa 50 miliyoni. Gabe Newell, mkulu wa kampani ya Valve, adanenapo mu 2011 kuti gwero la kukopera mwakuba nthawi zambiri ndi kusatumikira bwino makasitomala. Pamenepo ndikugwirizana naye, ngakhale kuno mtengo nawo ndi nkhani. Chodabwitsa n'chakuti mwini kanyumba ka magemu pa Liwonde adazitulukira kale zimenezi popanda digiri: amalipiritsa pang'onopang'ono, gemu imodzi ndalama yake, ndipo anyamata amalipira mosanyinyirika. Makampaniwa akadalola Airtel Money kapena Mpamba, n'kuika mtengo wolingana ndi matumba athu, akadapeza makasitomala kumene panopa akuona akuba okhaokha.

Pakadali pano, musanaononge bandulo potsitsa gemu, kapena musanapatse munthu ndalama kuti akuikireni, muuzeni azimitse data pa foni yake, kenako aitsegule inu mukuona. Ikakana, ndalama yanu ibwerere m'thumba. Amene sakugwirizana nane alembe yankho lake apereke kwa akonzi Lachisanu lisanafike, tidzalimata pambali pa nkhani ino.