Fufuzani kaye musanalipire puloti

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, patangopita chaka ndi theka chigwereni ndi 25 peresenti, anthu ambiri adataya mtima ndi kusunga ndalama kubanki. Aliyense amene wapeza kangachepe akuthamangira kugula puloti, ati malo saola. Sitikutsutsa. Koma phuma lomweli ndi limene madobadoba akudyerapo, ndipo milandu ya malo siikutha m'makhoti mwathu.

Msampha waukulu uli pa umwini. Puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense n'kupatsidwa kakalata kodindidwa ndi "amfumu". Chonsecho lamulo la Chiefs Act silipatsa mafumu ulamuliro mkati mwa malire a mzinda popanda chilolezo chapadera. Malo a mu Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba amakhala m'manja mwa Unduna wa Zamalo, khonsolo, Malawi Housing Corporation kapena munthu amene ali ndi chikalata cholembetsedwa kuboma. Wogulitsa akamati zikalata zibwera pambuyo, inu perekani kaye theka poti pali wina akufunanso malowo, dziwani kuti pali chimene akubisa.

Kunja kwa mzinda nako sikophweka. M'madera ambiri a m'chigawo chapakati ndi chakummwera, munda ndi wa mbumba. Mkamwini angaulime zaka makumi awiri, koma alibe mphamvu yougulitsa. Wogula amaona ngati zonse zayenda mpaka tsiku limene wakumba maziko, pamene malume a pabanjapo amatulukira ndi chiletso cha khoti. Apo njerwa zawotchedwa kale, mmisiri walandira kale yake. Lamulo la Customary Land Act la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo kuti nkhani zotere zisathere pakhonde la munthu mmodzi, koma ogula ambiri sawafunsa n'komwe. Mwinanso ena amaopa kuti akafunsa amva zimene sakufuna kumva.

Ngakhale zikalata zikhale zolongosoka, malo enieniwo ayenera kuonedwa ndi maso, makamaka nthawi ya dzinja. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zidakokolola nyumba ku Chilobwe ndipo anthu ambiri adafa. Mtsinje wa Lingadzi nawo udasefukira mu 2017 n'kuononga nyumba ku Mtandire. Puloti yotsika mtengo modabwitsa nthawi zambiri imakhala m'dambo, m'njira ya madzi, pansi pa nthambo za Escom kapena m'malire a msewu, kumene khonsolo ili ndi mphamvu yogwetsa chimene mwamanga.

Masamu a lendi nawo ambiri sawawerengera bwino. Simenti, malata ndi zitsulo zimakwera kwacha ikangogwa, koma lendi simungaikweze pa liwiro lomwelo chifukwa malipiro a okhala m'nyumbayo sadakwere. Mu 2024 Reserve Bank idafikitsa chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndiye womanga ndi ngongole ya kubanki ayenera kudzifunsa ngati nyumba ya zipinda zitatu ingabweze ndalama imeneyo, kuwonjezapo msonkho wa khonsolo, wa MRA ndi miyezi imene nyumba imakhala yopanda munthu. Abale athu a ku Joni amene amatumiza ndalama zomangira nyumba n'kumangolandira zithunzi pa WhatsApp ali pachiopsezo choposa apa.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Kufufuza mwini malo kumaofesi a zamalo kuyenera kukhala kwachangu, kwa mtengo wodziwika ndiponso kosalira kudziwana ndi wina mkatimo. Ogwira ntchito amene amapereka malo amodzi kawiri azinjatidwa, osati kungosamutsidwa.

Kwa inu ogula tikuti: kaoneni kaundula wa malo, itanani saveya aloze mabikoni, lankhulani ndi oyandikana nawo, ndipo loya aone pangano musanasaine. Wogulitsa akakana kudikira zimenezi, musiyeni ndi malo akewo.