Chisanu cha ku Chicago chidasankha osauka

M'mwezi wa Januwale 2024, mzinda wa Chicago ku Amereka udazizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro. Pamalo otchajira galimoto zamagetsi za Tesla, monga ku Oak Brook, galimoto zidandanda pamzere kwa maola ambiri. Zina batire idathera pomwepo mpaka kuchita kuzikoka. Kwa ife amene tidagonapo pamzere wa petulo, chithunzi chotere sichachilendo.

Odana ndi galimoto zamagetsi adaomba m'manja, amvekere si izi timanena zija. Koma taimani kaye, abale. Tiyeni tione chimene chidachitika kwenikweni.

Batire ya galimotozi ndi yamtundu umodzi ndi ya m'foni yanuyo, ya lithium. Ikazizira kwambiri imalandira moto pang'onopang'ono, ndipo kuikakamiza kutchaja mwachangu kumaiononga. N'chifukwa chake galimoto imayamba yaitenthetsa kaye batireyo isanalole moto wambiri kulowa. Dalaivala amene wafika ndi batire yozizira amaona ngati chotchajira chafa, chonsecho galimoto ikungodziwotha. Wam'mbuyo naye adikire, mzere n'kumakula.

Vuto lachiwiri n'lakuti galimoto ya petulo imafunditsa anthu ndi kutentha kotsala kwa injini, pomwe yamagetsi imatapa m'batire momwemo. Ukadikira pamzere uli chiyatsire hita, ndiye kuti ukudya mtunda wako womwe.

Tsono funso langa ndi ili: adavutika ndani? Bwana amene ali ndi galaja kunyumba adalumikiza galimoto usiku, m'mawa n'kuipeza yodzaza ndi yofunda. Pamzere paja padachuluka okhala m'nyumba zalendi zopanda poimika galimoto, komanso madalaivala a Uber ndi Lyft, ena mwa iwo oyendetsa galimoto zobwereka. Kwa anthu amenewa ola lililonse pamzere ndi ndalama yotayika, pomwe mwini galimoto akudikira yake yapasabata. Chisanu chidagwa pa onse, koma amene adalipira ndi wam'munsi.

Amene akuti galimoto zamagetsi ndi chisanu siziyenderana atiuze za dziko la Norway. Kumeneko chisanu ndi chaka ndi chaka, komabe mu 2023 galimoto 82 mwa 100 zilizonse zatsopano zimene zidagulidwa zidali zamagetsi, ndipo mu 2024 zidafika pafupifupi 89. Chinsinsi chake si mankhwala ayi. Ambiri amatchajira kunyumba, zotchajira zapamsewu zidamangidwa zambiri, ndipo madalaivala adazolowera kutenthetsa batire asanafike potchajira. Pagalimoto ngati Tesla, kungoika malo otchajirawo pamapu a galimoto kumayambitsa ntchito imeneyi uli m'njira. Nanga munthu amene wangopatsidwa makiyi dzulo kuti akathamangire makasitomala, adamuuza ndani zimenezi?

Apa ndiye pagona nkhani. Kugulitsa galimoto n'kosavuta, koma galimoto yamagetsi ndi theka chabe la katunduyo. Theka linalo ndi waya, malo otchajira ndi kuphunzitsa woyendetsa. Makampani ndi boma akathamangira theka loyambalo n'kuiwala lachiwiri, tsiku loipa likafika amalira ndi munthu wamba.

Chisanu cha ku Chicago sichidzafika ku Limbe, ngakhale Chiperoni chitavuta bwanji. Komatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu kuno tsiku loipa ndi lija magetsi amazima kuyambira m'mawa. Inu amalonda amene mwayamba kusirira galimotozi pa intaneti, musanafunse mtengo yambani mwafunsa kuti mudzatchajira kuti, ndipo tsiku limene malowo adzakanike, ndani adzalipire maola anu otayikawo. Ngati wogulitsa akungokanda m'mutu, ndalama yanu ibwerere m'thumba.