Anawatenga ndani? Za mayina a akazitape m'mabuku athu

Mwana wa mchimwene wanga, mtsikana wa Folomu 3, anapatsidwa ntchito kusukulu yoti alembe mbiri ya banja lake. Tinali pakhonde kwathu chakufupi ndi Limbuli, agogo ake akutongola chimanga m'lichero. Anafunsa za malume athu ena amene anatengedwa usiku m'zaka za m'ma 1970 n'kubwerako patapita zaka zitatu, mano atagweluka.

"Agogo, anawatenga ndani?"

Agogo anayamba aponya maso kumsewu, ngati kuti ulamuliro wa chipani chimodzi unatha dzulo lomweli. Kenaka anayankha motsitsa mawu: "Boma, mwanawe."

"Boma lake liti? Apolisi?"

"Ena anavala yunifolomu, ena ayi. Panalibe wowafunsa mayina."

Mtsikanayo analemba mawu akuti boma m'kope mwake, n'kuwafufuta, n'kutenga foni kuti afufuze. M'Chichewa sanapezemo kanthu kogwirika. Wikipedia ya chiyankhulo chathu ikadali yaing'ono kwambiri, ndipo tsiku limene wina adzakhale pansi kuti alembe za akazitape a dziko lino, kaya pa intaneti kaya m'buku losindikiza, adzakumana ndi funso lomwe lija la pakhonde. Insaikulopediya salembamo kuti "anthu aja". Nkhani iliyonse imafuna mutu, ndipo mutuwo uyenera kukhala dzina.

Mayina alipo ambiri. Atsamunda anatisiyira Special Branch, nthambi ya polisi yoona za ndale, ndipo boma la Kamuzu Banda linaikulitsa. Mkulu wake wotchuka anali Focus Gwede, amene mu 1976 anamangidwa limodzi ndi Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani cha MCP. Muwalo ananyongedwa mu 1977, pomwe Gwede anakhala m'ndende mpaka 1993. Pambali pa apolisi panali apayoniya, Malawi Young Pioneers, gulu limene linayamba mu 1963 ndi nkhope ya ulimi ndi chitukuko koma linali ndi mfuti zake ndi makutu ake m'midzi, mpaka asilikali analilanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Panalinso ayufi a malaya ofiira oima pakhomo la msika kufunsa khadi la chipani. Nthawi ya Bakili Muluzi kunabadwa National Intelligence Bureau. Boma la Bingu wa Mutharika linalithetsa, koma dzinalo linadzatulukiranso, ndipo mu 2014 Nicholas Dausi, amene anali mneneri wa chipani cha DPP, anaikidwa kukhala mkulu wake. Lero lamulo limalitchula kuti National Intelligence Service.

Kodi zonsezi ndi nkhani imodzi kapena nkhani zisanu?

Amene amati ikhale imodzi ali ndi mfundo imene sindingaikankhire kumbali. Amati njoka ikafundula imakhala njoka yomweyo, ndipo kusintha dzina ndi sopo amene maboma amasambira. Umboni suli patali, uli kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Apolisi achinsinsi a Apwitikizi, amene ankasaka otsatira Frelimo ku Milange ndi ku Zambezia konse, ankatchedwa PIDE. Mu 1969 boma la Marcelo Caetano linawasintha dzina kukhala DGS. Anthu ake, ndende zake ndi zikwapu zake sizinasinthe, moti anthu anapitiriza kuwatchula PIDE mpaka ulamulirowo unagwa mu 1974. Ukalemba nkhani ziwiri zosiyana, ina ya PIDE ina ya DGS, wathandiza Caetano ntchito imene ankafuna. Chimodzimodzi kuno: wowerenga akaona nkhani ya Special Branch ikuthera pamene chipani chimodzi chinathera, ndipo ya bungwe latsopano ikuyamba yoyera ngati nsalu ya kusitolo, sadzafunsa kuti mafayilo anapita kuti, kapena kuti amene ankalemba malipoti aja anapuma ntchito kapena anangosamuka ofesi.

Komabe mtolo umodzi uli ndi vuto lake, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa loyambalo. Ukaunjika zonse pansi pa mutu wakuti "Akazitape a ku Malawi", wabwerera ku yankho la agogo lakuti boma. Mlandu ukakhala wa aliyense umasowa mwini. Taonani za nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza mu Meyi 1983. Boma linati ndi ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza ya Jaji Michael Mtegha, imene inakhazikitsidwa mu 1994, inapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Kenaka mu Disembala 1995 khoti linamasula Kamuzu ndi John Tembo pa mlandu wopangana chiwembucho. Nkhani yotereyi imafuna wolemba wosamala kuti ananena ndani, anapeza chiyani, ndipo khoti linagamula bwanji. Kuiponya mumtolo wa akazitape onse n'kusenzetsa mnyamata amene analembedwa ntchito chaka chathachi magazi a 1983, pomwe amene anagwira ntchitoyo akubisala m'chigulugulu.

Ife a ku Mulanje vutoli timalidziwa mwa njira ina. Napolo wa mu Malichi 1991 anagwa Phalombe ikadali mbali ya boma la Mulanje. Phalombe inakhala boma palokha mu 1998. M'mapepala a atsamunda malo ano analembedwa kuti Mlanje. Wofufuza wosadziwa izi amataya theka la mbiri. Palibe amene amati tsono tifufute Phalombe kapena tilembe zonse pansi pa Mulanje. Timangouza wowerenga kuti malire anasintha liti.

Kenaka pali funso la dzina lenileni: la m'malamulo kapena la pakamwa pa anthu? Apa dziko lapansi silinagwirizane. Wikipedia ya Chingerezi imalemba MI6, pomwe dzina la m'malamulo ndi Secret Intelligence Service, bungwe limene boma la Britain linadzaliika m'malamulo mu 1994 litagwira kale ntchito zaka zoposa 80. Imalembanso Stasi, dzina lachidule la unduna wa chitetezo wa East Germany. Ku South Africa bungwe la 1969 linali Bureau for State Security, koma atolankhani analitcha BOSS, ndipo dzinalo linakakamira ngati nkhupakupa mpaka boma linalisintha mu 1978. Anzathu a ku Lusaka ndi ku Chipata akati shushushu aliyense amamva, ngakhale palibe chikwangwani cha boma cholembedwa choncho.

Ndimawamvetsa okonda mayina a pakamwa. Mwana wa Folomu 3 sangafufuze dzina limene sanalimvepo. Ndipo dzina la boma nthawi zina limakhala bodza lovala taye: mawu akuti Young Pioneers amamveka ngati ana a sukulu olima dimba. Koma mayina a pakamwa a kuno ambiri ndi zitonzo, ndipo chitonzo sichisankha. Kapirikoni linachokera ku Capricorn Africa Society ya m'zaka za m'ma 1950, koma linasanduka mwala wogendera aliyense wokayikiridwa kuti ndi wogulitsa anzake, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Mawu akuti kazitape amagwira mkulu wa ofesi ku Lilongwe, amagwiranso mayi wa m'mudzi amene ananenera mnansi wake chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Othawa nkhondo amene anadzaza ku Muloza mu 1986 ankati Matsanga ponena a Renamo, potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa. N'dzina loyenera kulifotokoza m'nkhani, koma kuliika pamutu ndiye kuti wolemba waweruza mlandu wowerenga asanamve mboni.

Kumasulira nako kuli ndi msampha. Tikati "Bungwe la Ukazitape la Dziko" tamasulira National Intelligence Bureau ndi National Intelligence Service ndi mawu amodzimodzi, ndipo kusiyana kwa bungwe longokhazikitsidwa ndi mtsogoleri ndi bungwe lokhala ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo kwafufutika. Chikhalirecho dzina la National Intelligence Service lili ndi eni ake ambiri: Kenya, South Korea, ndi South Africa ya tsankho kuyambira 1980. Popanda kuwonjezera dzina la dziko pamutu, mwana wathu adzalemba m'kope za akazitape a P. W. Botha wa ku South Africa akuganiza kuti ndi a ku Lilongwe.

Ine ndaima apa. Bungwe lililonse limene linali ndi lamulo lake, mkulu wake ndi bajeti yake likhale ndi nkhani yakeyake, pansi pa dzina limene linali nalo nthawi imeneyo, losamasuliridwa. Pamene chasintha ndi chikwangwani chokha, monga PIDE ndi DGS, nkhani ikhale imodzi. Mzere woyamba unene m'Chichewa chomveka ntchito yake ndi mmene anthu ankalitchulira, ndipo wofufuza mawu akuti apayoniya azifikitsidwa pa khomo loyenera. Pamwamba pa zonsezi pakhale nkhani imodzi yaitali yolondola ulusi kuchokera kwa atsamunda mpaka lero, yonena amene analowa m'malo mwa mnzake ndi kumene anthu ndi mapepala anapita. Nkhawa ya anthu a njoka yofundula ija iyankhidwe mmenemo.

Chovuta n'chakuti mutu wabwino sudzaza tsamba. Ajeremani anatsekula mafayilo a Stasi mu 1992, munthu n'kumawerenga dzina la amene anamunenera. Kuno zambiri zimene tikudziwa za ndende ya Mikuyu tinazimva kwa akaidi okha, monga Jack Mapanje, amene anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo nyumba yosungira zakale ya National Archives ili pa Zomba pompa. Aphunzitsi a mbiri a ku Mulanje kuno, tengani ana anu mukapemphe zikalatazo, ndipo mujambule mawu a agogo awo akadali moyo. Wathu uja anapereka kope lake pamzere wa amene anatenga malume pali mpata wosalembedwa.