Agogo akayamba kusowa mawu

Tikapita kwathu ku Mangochi pa tchuthi, ena timapeza agogo amene adakalambira panyanja akulephera kutchula "ukonde". Akuuona, ntchito yake akuidziwa, koma dzina silikubwera. Chaka chinacho mawu enanso athawa. Pamudzi sachedwa kugamula kuti awalodza, kapena mfiti ndi iwowo.

Madokotala amawatcha matendawa primary progressive aphasia. Mbali ya ubongo yoyendetsa chilankhulo, kawirikawiri ya kumanzere, imafota pang'onopang'ono, kusiyana ndi sitiroko imene imagwetsa munthu mwadzidzidzi. Mankhwala ochiritsiratu palibe.

Ife ophunzira tisamangoonerera. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911. Tiwaperekeze agogo kuchipatala. Pocheza nawo tiziwafunsa zoti ayankhe "eya" kapena "ayi", ndipo tiziwadikira osawalanda mawu pakamwa.